Ulendo wa ku Japan Umene Anapita a Tembo

Ndisanalembe kalikonse nditchule mboni zanga, chifukwa ndikukudziwani inu ana anga, Thoko ndi Limbani: chinthu chimene simunachione pa foni mumati bambo akuwonjezera. Mboni yoyamba ndi mayi anu, amene nkhaniyi anaimva kawiri, koyamba ikuchitika, kachiwiri ine nditaikonza bwino. Yachiwiri ndi bwana Haresh, eni wekishopu ya matabwa imene ndinagwirako ntchito ku Belgrave. Masiku ano makutu awo anapuma, koma mukawafunsa amagwedeza mutu, ndipo kugwedezako ndi kuvomera. Yachitatu ndi a Tembo, mnzanga wa pa ntchito, koma iwowo musawafunse ine kulibe. Yachinayi ndi khosi langali, limene silitembenukira kumanzere. Dokotala analiona ndipo analemba. Zonse zili munozi ndi zoona. Pamene ndakayika ndachepetsa.

1978 mpaka 2001

Ukalipentala ndinayambira ku Zomba, mu wekishopu ya boma, kukhoma madesiki a sukulu ndi zitseko za maofesi. Folomani wathu, a Kamwendo, anali ndi malamulo awiri okha: thabwa liwongoke, ndipo lipakidwe vanishi mpaka ntchentche iterereke. Mpando wopanda vanishi ankati uli maliseche, sungaonekere pagulu. Chaka china misomali inasowa, ndiye tinkazula yakale m'mabokosi n'kumaiwongola pa chitsulo cha njanji. Unalipo msomali umodzi umene ndinauwongola kambirimbiri, moti mapeto ake ukangondiona ndanyamula hamala unkawongoka wokha. A Kamwendo anamwalira, akanakuuzani.

Anandisamutsira ku Dedza, kumene ndinaphunzira kugwira pulena ndi zala zouma ndi chisanu, kenaka ku Karonga, kumene guluu ankasungunuka m'chitini osamuika pamoto. Ntchito itachepa anatichotsa ambiri, ndipo mu 2001 ndinatsikira ku Leicester, ku England, ndi sutikesi imodzi, m'kati mwake tchizulo zitatu zogobera matabwa, zokulunga m'malaya. Sabata yachitatu ndikuyendayenda kuseri kwa Belgrave Road ndinamva sowo ya makina ikulira, ndinalowa. Mmwenye wa imvi anandiyang'ana manja asanandiyang'ane nkhope, n'kundifunsa m'Chichewa cha m'masitolo a ku Limbe, kumene anabadwira: "Iwe kwanu kuti?" Ndinati ku Zomba. "Zomba anthu aulesi. Gwira thabwa ili, pala ndione." Ndinapala. Amenewo ndiwo bwana Haresh, ndipo ndinakhala nawo mpaka kupuma kwanga, tikupanga makauntala a masitolo a golide ndi timakachisi ta m'nyumba timene timayenda malonda chikondwerero cha amwenye cha Diwali chikayandikira.

2003

A Tembo anatipeza chaka chimenechi. Anabadwira ku Chipata, anakulira ku Lusaka, ndipo ku England anafika kalekale ine ndisanalotenso. Ankakhala ku Normanton, ku Derby, kumene anagwirapo m'fakitale ya mipando yomata ndi sitepula. Akazi awo anali namwino wa konkuno, choncho pasipoti yawo inali yofiira ija yotsegula zitseko. M'mawa uliwonse ankabwera pa sitima atanyamula nyuzipepala imene sankawerenga. Kulumikiza matabwa awiri popanda msomali ndinawaphunzitsa ndine. Ndibwereze, chifukwa inu mumawerenga mothamanga: ndinawaphunzitsa ndine.

Manja awo anali apakatikati, koma pakamwa panali pa mmisiri. Kasitomala akalowa kudzadandaula kuti kabati yapendekeka, ankatuluka ataoda ina yachiwiri. Ine kasitomala akandifunsa funso ndinkamuyankha zoona, ndipo ambiri sankabweranso. Folomani wathu, mkulu wina wachizungu, anali atalengeza kuti kumapeto kwa 2005 akupuma. Aliyense ankadziwa kuti mpandowo ndi wa Mbewe kapena wa Tembo, ndipo Mbeweyo ndi ine.

Januwale mpaka Epulo 2005

Tsiku lina kunalowa mzungu wamtali woyendera ndodo, a Colin, mphunzitsi wopuma wa ku Evington. Ali mnyamata anakaphunzitsa Chingerezi ku Japan, n'kubwerako ndi mkazi, mayi Sachiko. Kwawo kwa mayiwo ndi tauni yakale yomangidwa mozungulira linga la mfumu, ndipo m'tauniyo muli nyumba ya msamurai wamkulu imene anaisunga osaisintha kuti anthu aziiona. Asamurai anali ankhondo a mafumu a kumeneko, ndipo mwini nyumbayi sanali wolondera pa geti ayi, anali wokhala pafupi ndi mfumu. Mayi Sachiko ali mtsikana ankalowamo ndi azakhali awo, ndipo zaka zonse za ku Evington sanasiye kuitchula. Mu Okutobala ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. A Colin ankafuna kuwamangira chipinda chimodzi chofanana ndi cha m'nyumbayo kumapeto kwa galadeni yawo, mobisa, mayiwo ali ku Japan kumene ankapita kukakhala ndi akulu awo miyezi inayi. Eni akewo ndege yaitali sakanatha chifukwa cha chiuno, choncho anati alipira tikiti kuti kalipentala mmodzi apite akaone ndi maso, akayeze ndi tepi.

Bwana Haresh anatembenukira kwa ine. Izi ndikufuna muzilembe pamtima: anayamba kutembenukira kwa ine.

"Mbewe, pasipoti yako ili kuti?"

"Ili ku boma, bwana. Ndikuwonjezera mapepala."

"Ibwera liti?"

"Sanena."

"Tembo, iwe?"

A Tembo anapisa dzanja m'thumba la ovolosi n'kuitulutsa. Mpaka lero sindinamvetse chimene pasipoti imachita m'thumba la ovolosi, tsiku Lachiwiri, pakati pa utuchi. Ananyamuka mu Epulo. Yanga inafika tsiku lachitatu iwo atanyamuka. Ndinaiika patebulo, tinayang'anizana, palibe anayamba kulankhula.

Meyi 2005

Anakhalako sabata imodzi. Atabwera anaima pakhomo la wekishopu, anavula nsapato, n'kuweramira makina odulira matabwa. Anapondanso msomali, koma zimenezo sakamba. Ine anandibweretsera mphatso: masilipasi a mu ndege, ovalidwa kale.

Kuyambira tsiku limenelo mawu awo onse ankayamba ndi "ise ku Japan". "Ise ku Japan sitipusha sowo, a Mbewe, timadonsa." "Ise ku Japan tiyi sitiika shuga." Ndinawafunsa ngati inu a ku Japan mumabwezanso pulena ya anzanu mukabwereka. Anaseka, anzathu anaseka nawo, pulena sinabwere.

Nthawi ya tiyi inasanduka kalasi. "Mudala, ija si nyumba chabe," ankatero, atakhala pa benchi langa. "Mukalibe kufika, njira yeka ikusokonezani. Ikhota apa, ikhota apa, ina ingothera pa chipupa, kuti adani asochere. Manje mukafika pa geti, muzaganiza ndiye nyumba." Ndiye ankafotokoza, zithunzi zikuyenda m'manja mwa anthu. Makoma a m'mbali mwa njira ndi adothi, ofoleredwa matailosi pamwamba ngati avala zipewa. Geti lili ndi zipinda uku ndi uku, mogona antchito, ndipo kukula kwa geti sikunali kufuna kwa mwini: lamulo linkayeza geti ndi udindo wa munthu, wamng'ono akamanga lalikulu wapalamula. Zitseko zolowera n'ziwiri. Chachikulu, chokhala ndi sitepe yathabwa yotakata, chinali cha mfumu ndi alendo olemekezeka. A m'nyumbamo ankalowera cham'mbali ngati obwereka mchere. M'kati makoma ambiri ndi zitseko zapepala zotsetsereka, moti zipinda zinayi zimasanduka chimodzi munthu asanamalize kuyetsemula. Pamwamba pa zitsekozo pali matabwa ogoba maluwa ndi mbalame, odutsa mphepo. Pamene pali msomali anaubisa ndi kachitsulo kokongola, ngati msomali ndi chinthu chochititsa manyazi. Siling'i ya zipinda zina ndi yotsika, akuti kuti mlendo wa mtima woipa alephere kukweza lupanga. Chipinda sachiyeza ndi tepi, amachiwerenga ndi mphasa zochindikala zoyala pansi: cha mphasa zisanu ndi imodzi, cha mphasa khumi. Ndipo m'chipinda cha alendo muli malo olowa m'khoma, okwera pang'ono, otchedwa tokonoma, pamene amapachika chithunzi chimodzi ndi kuika duwa limodzi. Munthu sapondapo. Mzati wa pambali pake amausiya wokhota monga unamerera m'nkhalango.

"Nanga vanishi?" anafunsa wina.

"Kulibe. Nyumba yonse, olo dontho."

Nyumba yonse maliseche, ndi mzati wokhota pamalo aulemu. A Kamwendo akanakhala moyo akanapempha madzi akumwa.

Ine sindinkamvetsera. Ndinkapala thabwa langa mwaphokoso, ndipo thabwa lina ndinalipala mpaka ndinayamba kuonera a Tembo kuseri kwake. Koma usinkhu wa sitepe ija ndinaumva, ndi kachitsulo kobisa msomali ndinakaona bwino. Chimene chinkandiwawa si ndege, si hotela. Chinali chakuti manja amene anasisita matabwa amenewo anali a munthu wa sitepula. Ku tchalitchi kwathu anawapatsa mphindi ziwiri kuti apereke moni wa ku ulendo; anatsika pa guwa ana a Sande sukulu atakula. Mayi anu anaseka nthabwala zawo zonse, ina anaiseka isanathe.

Loweruka lotsatira ndinakwera basi kupita ku laibulale ya m'tauni. Ena amaphunzira chifukwa chokonda nzeru. Ine ndinaphunzira chifukwa cha nsanje, ndipo ndikuuzeni, nsanje siiwala tsamba. Ndinabwereka buku lililonse la nyumba za ku Japan limene linalipo, ena anachita kundiitanitsira ku Nottingham. Pofika Julayi nyumba za asamurai ndinkazidziwa kuposa makoswe ake. Ndinkangodikira a Tembo aphonye.

Seputembala 2005

Chipinda chimene a Tembo anasankha kuti tikope chinali chaching'ono, cha mphasa zisanu ndi imodzi, chakumbuyo kwenikweni kwa nyumba ija. Zifukwa zawo zinali ziwiri: chinkakwana m'galadeni ya a Colin, ndipo ndi chokhacho chimene munalibe alendo owatchingira kamera. Tinayamba mu Juni, mayi Sachiko atangonyamuka, a Tembo akulamula, ine ndikugwira. Sindinama, chinkaoneka bwino. Fungo la matabwa osapaka kanthu linkafika mpaka kwa aneba.

Titafika pa siling'i ndi pamene ndinaona. Siling'i ya kumeneko ndi matabwa opyapyala ogona pa timitanda tating'ono toonekera pansi pake. Pa pulani ya a Tembo timitandato tinkachokera kukhomo n'kulunjika pa tokonoma, ngati mikondo. Ndinatenga chithunzi chawo kuti ndione ngati anajambula molakwa. Sanalakwe: chipinda chenichenicho chinalidi chotero. Koma ine ndinali nditawerenga, m'mabuku awiri osiyana, kuti amisiri a kumeneko zimenezi amazipewa ngati matenda. Timitanda tiyenera kuyenda chopingasa, kutsata khoma la tokonoma, osaloza. Chipinda cha timitanda toloza n'chosowa, ndipo anthu amati chinali cha msamurai amene walamulidwa kuti adziphe yekha ndi mpeni wake. N'chifukwa chake munalibe alendo. A Tembo anauluka theka la dziko lapansi kukasankha chipinda chofera, kuti chikhale mphatso ya tsiku lobadwa.

Ndinatuluka panja, ndinayang'ana mitambo, ndinathokoza. Ndikulemba zoona, ana anga, ndinathokoza. Ndinaona zonse m'maso mwanga: mayi Sachiko akulowa, akuyang'ana kumwamba, akutuluka chambuyo, a Colin akuimba foni, bwana Haresh akufunsa kuti anapita ku Japan ndani, ine ndikulandira makiyi a folomani modzichepetsa.

Ndinakhala masiku khumi ndi limodzi osauza a Tembo. Timitandato ndinaika ndine, ndi manja angawa, ndipo sindinaikepo siling'i yokongola chotero moyo wanga wonse. Ndinkayang'ana kumwamba tsiku lonse ndikuimba nyimbo za kwaya. A Tembo anati, "Mudala, masiku ano mwakondwa." Ndinati ndi nyengo.

Lamulungu masana, titachoka ku tchalitchi, ndinalephera kupirira, ndinauza mayi anu. Anali akusita yunifolomu ya ku ntchito kwawo kosamalira okalamba, ndipo sanasiye kusita.

"Ndiye mwati chipinda chofera."

"Chofera. Anasankha okha, ndi maso awo a ku Japan."

"Siling'iyo wakhoma ndani?"

"Ine. Molamulidwa."

"Khadi la ku laibulale lili ndi dzina la ndani?"

"Zimenezo sizikukhudzana."

"Bambo a Thoko, mabuku aja munkawerengera mu wekishopu nthawi ya nkhomaliro, mutawakweza m'mwamba kuti aliyense aone chikuto. Mudzati simunadziwe?"

Ndinati ine sindinatumidwe ku Japan, wotumidwayo ayankhe.

"Chabwino. Nanga mayiyo anakulakwirani chiyani? Pasipoti yanu anasunga ndi iyeyo?"

Ndinati mayi anu sadziwa za matabwa. Anati n'zoona, koma amadziwa za amuna awo, ndipo anandipempha ndisunthe chifukwa ndinaima pa waya wa ayironi.

Sindinagonje tsiku limenelo, musaganize kuti bambo anu ndi ofewa. Ndinapirira mpaka Lachisanu. M'mawa wa Lachisanu, a Tembo atapita kukatenga mapepala a zitseko, a Colin anabwera ndi tiyi, ndodo ili m'khwapa, makapu akugwedera. Anakhala pakhonde la chipindacho n'kuyang'ana m'kati nthawi yaitali.

"Bambo Mbewe, ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze abwana anu," anatero. "Chaka chatha akazi anga anachitidwa opaleshoni yaikulu. Madokotala akuti zili bwino, koma mukudziwa mmene amanenera. Ulendo uno akuti akukaona akulu awo. Ine ndikudziwa kuti akukatsanzika tauni yawo, mwina sadzathanso kupita. Ndiye ndinati tauniyo ibwere kuno. Akatopa azigona apa chagada, aziona ntchito yanu yokongolayi."

Analoza siling'i ndi ndodo.

Ndinayang'ana kumwamba. Munthu wodwala, wogona chagada, maso ali pa timitanda tanga khumi ndi tiwiri, tonse toloza kumodzi.

Nthawi ya nkhomaliro tinakhala m'vani, a Tembo ndi ine, tchipisi zili pakati. Ndinatulutsa buku m'chikwama, ndinatsegula tsamba, ndinaliika pa chiwongolero.

"A Tembo, chipinda chanuchi ndi chofera."

"Imwe a Mbewe, munapitako?"

"Sindinapiteko. Werengani."

"Mabuku yakamba vambiri. Ine ninaona na menso."

"Munaona. Nanga amene ankakuonetsani nyumbayo sananene kanthu mutafika pa chipinda chimenechi?"

Anatafuna pang'onopang'ono. "Anakamba. Anakamba maningi, mu chi Japan. Anachita so." Anayendetsa chala pamimba pawo kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo chala chisanafike kumapeto anasiya kutafuna. "Ine ninaganiza akamba za lanchi."

Anawerenga tsamba lija kawiri, milomo ikuyenda. Mphasa zinkafika Lolemba, mayi Sachiko Lachinayi.

"Mwaziba liti?"

"Posachedwa."

"Liti, mudala?"

"Sabata yatha. Ndi theka la inzake."

Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana tchipisi. Onse awiri tinali ndi mlandu, wina wa umbuli, wina wa dala, ndipo m'vanimo munachepa.

"Muzauza abwana?"

Apa ndiye panali pa mphambano. Ndikanangoyenda kupita ku Belgrave ndi bukulo m'manja, siling'i ikanakonzedwa ndithu, mayi akanapulumuka, ndipo makiyi akanakhala anga. Ndinaganiza zimenezi nthawi yokwanira kudya tchipisi zisanu ndi ziwiri. Koma munthu amene anali pambali pangayu anali atatuwa ngati phulusa, "ise ku Japan" yense atamuthera, ndipo ndinaona kuti a Tembo otuwa sakundisangalatsa monga ndinkayembekezera. Zinandikwiyitsa kwambiri.

"Mawa mubwere ndi makwerero anu," ndinatero. "Ndi pulena yanga."

Kutembenuza timitanda si kutembenuza chipewa. Timitanda tikatembenuka, matabwa onse a pamwamba pake atembenukenso, ndipo utali wake susiyana pang'ono ayi. Tinagwetsa siling'i yonse, yokongola ija, tinadula zatsopano. Loweruka lonse ndi Lamulungu lonse tinali pa makwerero, ku tchalitchi anatilemba kuti tadwala. A Tembo ankapatsira, ine ndinkalumikiza, mutu uli chagada, utapendekera kumanja kuti ndione mzere. Lamulungu dzuwa likupendeka ndinatsika pa makwerero, mutu unakana kubwerera. Ndi pomwepo pamene khosi linatsalira.

Kwa a Colin ndi kwa bwana Haresh anakafotokoza ndi a Tembo, poti pakamwa ndi pawo. Lolemba ndinamva bwana akuuza kasitomala wina kuti Tembo ndi munthu wosamala zedi: anakumbukira kanthu kakang'ono ka mwambo kamene anaona ku Japan, n'kugwetsa siling'i yonse osapempha ovataimu. Ndinali pomwepo, ndanyamula thabwa, ndikuyang'ana kumanja.

Okutobala 2005

Pa tsiku lobadwa la mayi Sachiko anatiitana tonse atatu, bwana Haresh, a Tembo ndi ine. Mayiwo anali aafupi, owonda, oyenda mosamala ngati anyamula madzi. A Colin anawatsogolera m'galadeni, anatsetsereza chitseko chapepala. Mayi anavula nsapato, analowa chogwada, anayang'ana tokonoma ndi mzati wake wokhota. Kenaka anakweza maso kumwamba, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, milomo ikuwerenga timitanda.

"Mmisiri ndani?" anafunsa.

A Colin analoza a Tembo. Anafotokoza za ulendo, anafotokozanso za siling'i yogwetsedwa, ngakhale eni akewo sankadziwa bwino chimene chinalakwika. Mayi anaweramira a Tembo mpaka chipumi chinagunda mphasa. Anawagwira dzanja n'kuwakhazika kutsogolo kwa tokonoma, n'kunena kuti pamenepo ndi pa mlendo wamkulu. Bwana Haresh anawakhazika pambali pawo. Ine anandionetsa malo a pafupi ndi chitseko, pamene mphepo imalowera, moyandikana ndi nsapato za anthu.

Anatipangira tiyi wobiriwira, wowawa ngati mankhwala a malungo, ndi timakeke ta nyemba. Ka a Tembo kanali kakakulu. Ndinayeza ndi diso, ndipo diso langa ndi la kalipentala. Tikumwa, mayi anayamba kukamba za nyumba ija, za geti, za kamtsinje ka m'galadeni.

"Muli chipinda chimodzi chakumbuyo chimene sindinalowemo," anatero. "Azakhali ankandikoka dzanja tikamadutsa, ankati usayang'ane kumwamba. Mwezi wathawu ndinapitanso, nkhalamba ine, ndinadutsabe chothamanga. Chinali chaching'ono ngati chino." Anamwetulira a Tembo. "Inu munachiona?"

A Tembo anaika kapu pansi. Anandiyang'ana. Ine ndinali ndi mawu okwana buku lathunthu, ndi nambala ya tsamba.

"Anachiona, mayi," ndinatero. "N'chifukwa chake anagwetsa siling'i."

Mayi anaweramiranso a Tembo kachiwiri. Bwana Haresh anawasisita paphewa, ndipo pobwerera m'galimoto, tisanafike n'komwe pa London Road, anati, "Tembo, Januwale makiyi ako."

Mayi Sachiko anakhala zaka zina zambiri, ndipo a Colin ankatiuza kuti masana aliwonse ofunda mayiwo ankagona m'chipindamo chagada. A Tembo anakhala folomani wanga mpaka ndinapuma. Tsiku lawo loyamba anafika pa benchi langa anthu onse akuona, anaima, anawerama mpaka tepi inagwa m'thumba. Ngakhale abwana, a Tembo sankawaweramira chotero. Atadzuka anatola tepi yawo, anakonza kolala, n'kunena kuti, "A Mbewe, makauntala aja afunika Lachitatu." Ankachita zimenezi m'mawa uliwonse, kuwerama kenaka kulamula, zaka zonsezo osaphonya.

Anthu amati ndi ulemu waukulu, ndipo mayi anu amati ndizithokoza. Ine ndinawerengera bwinobwino, ndili ndi nthawi tsopano. Akanandipatsa sabata imodzi ija, ndikasisite ndekha mzati wokhota uja, kuwerama konseko akanasunga.